Intaviyu ya uanimeta ku situdiyo ya magemu: ndikonzekere zotani?

Nalipiri_3D:
Moni nonse pagulu pano. Situdiyo ina ya magemu ya ku Cape Town yandiitana ku intaviyu, ntchito ya junior gameplay animator yogwirira kunyumba. Akuti choyamba ndicheza ndi wolemba anthu ntchito kwa mphindi 30, kenako andipatsa test ya masiku asanu, pomaliza ndikaonekera pa vidiyo kwa lead animator, mkulu wa maanimeta, ndi anzake. Ine popanga animation ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Blender, iwo alemba ya Maya ndi Unreal, engine yomangiramo magemu. Reel yanga, vidiyo yoonetsa ntchito zanga, ndi ya mphindi zitatu, zambiri ndi anthu akulankhulana. Ndili pa Chitakale, laputopu ya RAM 8GB, intaneti ya pafoni. Akuluakulu amene mumazidziwa izi, amafunsa zotani, ndipo anthu amagwera pati?

Thuchila_Rig:
Yambani ndi kudula reel imeneyo achimwene. Mphindi zitatu palibe aionere mpaka kumapeto. Ikhale mphindi imodzi, ikatalikitsa imodzi ndi theka. Ntchito yabwino koposa ikhale m'masekondi 10 oyambirira, dzina ndi imelo zioneke masekondi awiri basi, osati logo yozungulira ndi nyimbo. Shot iliyonse yomwe mukuikayikira chotsani. Amakuyezani ndi yofooka kwambiriyo, poganiza kuti inuyo simunaone vuto lake.

MaiGraphEditor:
Kutalikako n'kosavuta kukonza. Vuto lenileni ndi loti reel yanu ndi ya filimu pomwe ntchito ndi ya gemu. Mu filimu kamera ndi yanu, ndiye chigongono chikalowa m'nthiti kumbali yomwe kamera sikuona, palibe adziwe. Mu gemu kamera ili m'manja mwa wosewera, aizungulitsa mmene wafunira, ndipo nthawi zambiri amaona character wanu chakumsana. Pose (kaimidwe ka thupi) yokongola kutsogolo kokha siigwira ntchito.

Chomwe lead akufuna kuona: kuima chabe uku akupuma, kuyenda, kuthamanga, kudumpha kogawidwa patatu, kumenya katatu motsatizana, kugwedezeka akamenyedwa, ndi kufa. Ngati muli ndi nyama ya miyendo inayi yoyenda bwino, ikanimo. Cycle iliyonse, animation yobwerezabwereza ngati kuyenda, ibwereze kawiri kapena katatu, ionetseni chakumbali kenako chakumsana, nambala ya frame (chithunzi chimodzichimodzi cha vidiyo) ikuoneka pakona. Pansi pa shot iliyonse lembani zomwe munachita inuyo ndiponso mwini wa rig, mafupa ndi ma control oyendetsera character, ngati munachita kutenga. Za kulankhulana zija siyanimo imodzi yokha, kumapeto.

Kabaza_wa_Luchenza:
Kudumpha n'kugawiranji patatu? Osangopanga kamodzi kwathunthu bwanji?

MaiGraphEditor:
Chifukwa simudziwa kuti akhala m'malere nthawi yaitali bwanji. Akhoza kudumpha kamwala, akhozanso kugwa kuchokera padenga. Ndiye pali kunyamuka, pali chapakati chomwe chimangobwerezabwereza mpaka phazi ligunde pansi, ndiyeno kutera. Funso limeneli amalikonda pa intaviyu.

Sapitwa3002:
Pali funso limodzi lomwe limagwetsa anthu ochokera ku makatuni, likonzekereni. Adzati: wosewera wadina batani lodumphira, padutse ma frame angati character asanachoke pansi? Wa filimu amayankha monyadira kuti ayambe wanyonyomala, manja apite kumbuyo, ma frame 12 kapena 15. Werengerani. Magemu ambiri amapangidwira pa 30 fps, ma frame 30 pa sekondi, ndiye frame imodzi ndi mamilisekondi 33. Ma frame 15 ndi theka la sekondi. Wosewera amamva ngati njinga ya tcheni chokhwepa: wapalasa kale koma tayala likuyankha mochedwa. Sanena kuti animation ndi yokongola, amati gemu ndi yowonongeka.

Kwa character wa wosewera, kukonzekera kuja kumakhala ma frame awiri mpaka anayi, nthawi zina kulibiretu, frame yoyamba imalowa kale mu pose yamphamvu. Kulemera konse kumene mwachotsa kutsogolo mumakakubwezera kumbuyo: potera maondo apindike kwambiri, lupanga likadutsa limukoke thupi lonse. Mbali ya kumapetoyo imaloledwa kudulidwa wosewera akadina batani lina, choncho pose zake zikhale zoti zikhoza kulumikizana ndi kuthamanga popanda kuthyoka.

Kwa mdani n'zosiyana. Iyeyo akonzekere nthawi yaitali, ma frame 20 kapena 30, dzanja m'mwamba moonekeratu, kuti wosewera aone kuti chikwapu chikubwera n'kulewa. Mukafotokoza kusiyana kumeneku musanafunsidwe, mwadutsa theka la intaviyu.

Mlomwe_wa_Chonde:
A Sapitwa, manambala anuwo musawasandutse lamulo. Alipo magemu omwe wosewera akanyamula chinkhwangwa chachikulu amachedwa dala, ndipo kukoma kwake n'komweko, uyenera kuganiza usanamenye. Mnyamatayu akakayankha kuti "ma frame atatu" ku situdiyo yopanga gemu yotere, aoneka woloweza.

Sapitwa3002:
Sindikukana. Ndiye yankho labwino liyambe ndi kufunsa: gemu yake ndi yotani, designer akufuna chikwapu chigunde pa frame iti?

Mlomwe_wa_Chonde:
Eya, pamenepo tagwirizana. Ndipo a Nalipiri, manambala a situdiyo imeneyo mukhoza kuwapeza nokha. Pezani vidiyo ya gemu yawo pa YouTube, imitsani, muzidina koma ndi fulusitopu pa kiyibodi, imasuntha frame imodziimodzi. Onani kaye ngati vidiyoyo ndi ya 30 kapena 60. Werengani kuyambira pomwe mkono wayamba kusuntha mpaka pomwe wagunda, ndi kuyambira pamenepo mpaka wabwerera poima. Lembani za zikwapu zitatu kapena zinayi. Akadzakufunsani kuti mwaiona bwanji gemu yathu, musadzati "ndi yabwino kwambiri". Mudzatchule chinthu chimodzi chomwe chinakugwirani mtima ndi manambala ake, ndi chimodzi chomwe mukanachikonza, mwaulemu.

Bvumbwe_Pixel:
Ine nkhawa yanga ndi Maya. Alemba Maya, inu mulibe. Musataye nthawi, fufuzani oti amalola Blender.

Thuchila_Rig:
Ayi, musamufooketse. Amuitana ataona kale CV yake, akudziwa. Timing ndi kulemera sizikhala mu pulogalamu. Graph Editor iliko konsekonse, ku Blender key (kusunga pose pa frame) mumaika ndi batani la I, ku Maya ndi S, constant ya ku Blender ndi stepped ya ku Maya (kulumpha kuchoka pa pose ina kupita pa ina popanda zapakati). Mu Preferences ya Blender muli keymap yotchedwa Industry Compatible, yatsani lero kuti zala zizolowere kuzungulira ndi Alt.

Koma pali msampha umodzi woona. Rig ya test ikabwera ngati fayilo ya .ma kapena .mb, Blender siitsegula. Mukapempha FBX, fayilo yosamutsira ntchito pakati pa mapulogalamu, mulandira mafupa ndi thupi lokha, ma control onse amatsala, chifukwa FBX sinyamula rig ya Maya mmene ilili. Ndiye pa kucheza koyamba kuja funsani mosabisa: test ndi ya mu Maya basi, kapena mumalandira FBX yochokera kwina? Akati Maya, pali trial ya masiku 30 ya Autodesk, eni ake a Maya. Musaiyatse lero. Dikirani mudziwe tsiku la test, muiyatse kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, kuti masiku asakuthereni ntchito ili pakati. Za crack, Maya yobedwa ija, iwalani, simungatumize fayilo yotero ku kampani yomwe mukufuna ikulembeni. Ndipo musaname kuti Maya mumaidziwa, lead amazindikira m'mphindi ziwiri mukangogawana skirini.

Namadzi_wa_Ndata:
Amene ali pasukulu, ngati kuno ku MUST, ayesenso laisensi ya ophunzira ya Autodesk. Koma imeneyo ndi yophunzirira, si yogwirira ntchito yolipidwa.

Kabaza_wa_Luchenza:
Inu mukukamba za mapulogalamu, ine chikundiwawa ndi masiku asanu aulere. Ganyu wa m'munda amalipidwa, uyu agwire sabata yathunthu, bandulo yake, magetsi ake, kenako amuuze kuti pepani tapeza wina? N'kuba kumeneko.

MaiGraphEditor:
Kuwawa kwake n'koona, koma test ya junior nthawi zambiri salipira, ndipo kuikana n'kudzichotsa pamzere. Chofunika n'kusiyanitsa test ndi ntchito yobisika. Test yeniyeni imakhala chinthu chimodzi kapena ziwiri, pa rig yomwe amapatsa aliyense, ndi malangizo olembedwa. Akakutumizirani mndandanda wa ma animation khumi a character wa gemu yomwe isanatuluke, amenewo akufuna antchito aulere. Funsaninso ngati mudzaloledwe kuika test mu reel yanu pambuyo pake. Mukasaina NDA, pangano losunga chinsinsi, osaika pa Facebook ngakhale chithunzi chimodzi.

Akuba enieni ndi ena: intaviyu yongolemberana pa Telegram osaonana nkhope, imelo yosachokera ku adiresi ya kampani, kenako akuti tumizani ndalama tikugulireni kompyuta. Situdiyo yeniyeni sipempha tambala kwa wofunsira ntchito.

Kabaza_wa_Luchenza:
Mwanena bwino amayi, koma mtima wanga sunakhutire. Olo akanamamugulira bandulo.

Ruo_Engine:
Tibwerere ku laputopu. Pa 8GB Unreal 5 itseguka koma movutika, ndipo kuikopera ndi magigabaiti makumi angapo, ndiye ndi za bandulo ya usiku kapena kukakopera kwa mnzanu wa Wi-Fi ku Limbe. Ikatseguka tsitsani Scalability pa Low, zimitsani Lumen, tsegulani Third Person template basi. Simukufunika dziko lokongola. Mukufunika vidiyo ya masekondi 15 yoonetsa character wanu akuima, kuyenda, kuthamanga ndi kudumpha inu mukumuyendetsa, pogwiritsa ntchito state machine (yosankha animation yoti iseweredwe) ndi blend space (yosakaniza ma animation malinga ndi liwiro) zomwe mwalumikiza nokha. Junior amene waika ntchito yake mu engine amaposa anzake ambiri a ma playblast okhaokha, mavidiyo ongojambulidwa mu pulogalamu ya animation. Laputopu ikakaniratu, Godot ndi yopepuka kwambiri, sifika 200MB, ndipo AnimationTree yake ili ndi state machine ndi blend space. Maganizo ake ndi omwewo, mungadzawafotokoze.

Potumiza kuchokera ku Blender, zolakwika zake n'zodziwika. Blender ndi Maya zonse zimayamba pa 24 fps, sinthani kukhala 30 musanaike key yoyamba, mukasintha mochedwa ma key amagwera pakati pa ma frame. Blender imawerengera mamita pomwe Unreal imawerengera masentimita, mukapanda kukonza Unit Scale kukhala 0.01 musanamange rig, fupa la root, tsinde la mafupa onse, limakafika ndi scale ya 100 ndipo root motion, kusuntha kwa character kochokera pa fupalo, imasokonekera. Chotsani chizindikiro pa Add Leaf Bones, apo ayi chala chilichonse chidzakhala ndi fupa lowonjezera lopanda ntchito. Tumizani mafupa opinda thupi okha, ma constraint muwachite bake, kutanthauza kuwasandutsa ma key. Root ikhale pa 0,0,0 pakati pa mapazi.

Za cycle: pose yoyamba ndi yomaliza zikhale zofanana ndendende. Mu FBX zisiyeni zonse ziwiri. Koma mu vidiyo ya reel chotsani yomalizayo, apo ayi pose imodzi ioneka kawiri ndipo munthu wanu azichita ngati wapunthwa pakutha pa cycle iliyonse.

Nalipiri_3D:
Zikomo a Ruo. Nanga mapazi akamaterereka pansi mu engine pomwe mu Blender anali bwino, chimachititsa n'chiyani?

Ruo_Engine:
Liwiro la character mu engine silikugwirizana ndi kutalika kwa mapazi anu. Ndi masamu a pulayimale. Tinene kuti kuyenda kwanu ndi ma frame 36 pa 30 fps, ndiye masekondi 1.2. Masitepe awiri a 75cm iliyonse ndi 150cm. Gawani 150 ndi 1.2, mupeza 125cm pa sekondi. Template ya Unreal 5 ija imabwera ndi liwiro la 500cm pa sekondi, ndiye mukaikapo kuyenda kwanu thupi liuluka mapazi akupalasa pang'onopang'ono. Mu blend space ikani kuyenda pa 125, kuthamanga pa liwiro lake lomwe mwawerengera chimodzimodzi. Njira ina ndi root motion, pomwe animation yeniyeniyo ndi imene imasuntha character. Mapazi amagwira pansi bwino, koma designer satha kusintha liwiro mwaufulu, n'chifukwa chake ambiri amaigwiritsa ntchito pa zikwapu ndi kukwera zipupa, kuthamanga wamba n'kukusiya in place, character akuthamangira pamalo amodzi. Pa test funsani kuti akufuna iti mwa ziwirizi.

Mlomwe_wa_Chonde:
Chinthu chomwe muli nacho kuno chomwe wofunsira wa ku Ulaya alibe ndi reference (zenizeni zoonerapo popanga animation) ya katundu wolemera. Imani pa msewu wa ku Likhubula m'mawa muone amayi akutsika ndi mtolo wa nkhuni wautali kuposa iwo. Mutu sugwedezeka n'komwe, khosi lauma, ntchito yonse ikuchitika m'chiuno, masitepe ndi aafupi, phazi limatera lonse osati chidendene choyamba, ndipo nsonga za mtolo zimavinira mochedwa pambuyo pa sitepe iliyonse. Pokhota, mtolo umayamba pang'onopang'ono ndipo umavuta kuuimitsa. Wothyola tiyi dengu likadzadza kumsana amaweramira kutsogolo kuti alipikule, dzanja likamaponya masamba kumbuyo phewa limatsatira. Ovina tchopa ndi katundu wawo wa kumsana ndi phunziro lathunthu la overlap, zinthu zotsatira thupi mochedwa. Jambulani pa 60 fps, foni itakhazikika pamwala molingana ndi chiuno, thupi lonse likuoneka mpaka mapazi. Pemphani kaye chilolezo kwa munthuyo, ndipo m'minda ya esiteti musalowe ndi kamera osauza eni ake.

Bvumbwe_Pixel:
Ndiye akaonetse amayi osenza nkhuni ku situdiyo yopanga gemu ya maroboti? Tisamakonde kugulitsa umphawi wathu.

Mlomwe_wa_Chonde:
Simunandimve amwene. Sindinati aike amayiwo mu reel. Ndati aphunzirepo kulemera, n'kukakuika pa msilikali wonyamula mfuti yaikulu kapena roboti yomweyo. Ndipo lead akafunsa kuti reference munaitenga kuti, kuonetsa vidiyo yojambula wekha pambali pa animation kumalemera kuposa kunena kuti ndinaonera gemu ina.

Dziwe_la_Nkhalamba:
Poti mwatchula Likhubula, chiperoni chikagwa masiku atatu sola siidzadza, a Nalipiri muziwerengere zimenezo. Amene mukudziwa, batire ya 100Ah ingayendetse laputopu maola angati?

Ruo_Engine:
Pa 12V ndi 1200Wh papepala. Ya lead acid musaitsitse kupitirira theka, ndiye 600Wh, inveta idyapo zina. Laputopu yodya 60W ikupatsani maola asanu ndi atatu kapena kuchepera. Mukatsegula Unreal imadya kuposa pamenepo.

Kabaza_wa_Luchenza:
Mabatire a pamsika alembedwa 100 koma mkati ndi 40, musawakhulupirire.

Thuchila_Rig:
Za mabatire tsegulani mutu wina abale. Koma nkhani ya tsiku la intaviyu ndi yofunika. Cape Town ndi ife nthawi ndi imodzi, palibe chosokoneza. Akakhala kuti wina pa gulu lawo ali ku London, kumeneko ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndiye tsatirani nthawi ya pa kalendala yomwe atumize. Khalani ndi SIM ziwiri, Airtel ndi TNM, zonse zili ndi bandulo, pafupifupi 1GB pa ola la vidiyo. Yesani malowo dzulo lake pa ola lomwelo. Pewani chipinda cha malata opanda siling'i, mvula ya kuno ikayamba simumvana, ndipo valani mahedifoni a waya. Zenera likhale kutsogolo kwanu osati kumbuyo.

Chachikulu: musaonetse animation pogawana skirini. Netiweki ikamadukiza ma frame amatayika, timing yomwe mwaivutikira sabata yonse imaoneka yonjenjemera. Ikani mavidiyo pa SyncSketch kapena Vimeo, tumizani link ola limodzi intaviyu isanayambe, aziseweretsa kumbali yawo. Auzeninso poyambirira kuti mukaduka mulowanso ndi laini ina.

MaiGraphEditor:
Pa gawo lomaliza, mafunso a mabuku amakhala ochepa. IK (mumasuntha phazi kapena dzanja, mafupa ena n'kutsatira) ndi FK (mumazungulitsa fupa limodzilimodzi): phazi lili pansi kapena dzanja lagwira chipupa ndi IK, mkono wongolendewera poyenda ndi FK. Mkono ukazungulira modabwitsa pakati pa ma key awiri abwinobwino, ndi gimbal, yesani Euler filter kapena sinthani rotation order. Additive ndi animation yosanjikiza pamwamba pa ina, monga kupuma mwawefuwefu pamwamba pa kuima. Mocap, mayendedwe ojambulidwa kwa munthu weniweni: kuchotsa kunjenjemera, kukhomerera mapazi, kukokomeza pose ndi kufulumizitsa kuti iyankhe batani. Chomwe simunachigwirepo nenani kuti sindinachigwirepo, kenako fotokozani mmene mungachiyambire.

Chomwe amayeza kwenikweni ndi mmene mumalandirira chidzudzulo. Adzaimitsa test yanu pa frame ina n'kunena kuti chiuno apa chafa, kapena chikwapu chachiwiri chilibe mphamvu. Pali njira ziwiri zogwera. Ina ndi kudziteteza: nthawi inachepa, magetsi anazima, rig yanu ndi yovuta. Inayo ndi yathu ino ya ulemu wopitirira, kuvomera chilichonse, "yes sir, yes sir", maso pansi. Kwathu kuno ndi khalidwe, koma iwo amaona ngati mulibe maganizo anuanu. Yang'anani mu kamera, atchuleni ndi dzina loyamba mmene adzitchulira okha, funsani kuti akuona kuti vuto ndi pose kapena timing, nenani chomwe munkafuna kukwaniritsa, kenako mmene mungakonzere: nditsitsa chiuno, ndichotsa ma frame awiri pakati pa kukweza ndi kugunda. Akafunsa chomwe mungasinthe pa test yanu, mukhale ndi zinthu ziwiri zokonzeratu. Woyankha kuti palibe wadzigwetsa yekha.

Sapitwa3002:
Nawonso afunseni, ndipo osati za mwambo. Rig amapanga ndani? Animation amailowetsa mu engine ndi animeta kapena wina? Ndi ya pamanja kapena mocap? Ndipo funso la ife a kuno: pulojekiti yawo pa Perforce kapena Git, pomwe gulu lonse limasungira mafayilo, ndi yaikulu bwanji? Gemu ya Unreal ikhoza kukhala magigabaiti ambirimbiri, tsiku lililonse n'kumakoka zatsopano. Pa intaneti ya pafoni malipiro onse athera bandulo. Funsani ngati mungamakoke chikwatu cha animation chokha, ndiponso ngati kompyuta, laisensi ya Maya ndi intaneti amalipira iwo. Za ndalama kambani ndi wolemba ntchito uja osati lead: mukhala wolembedwa kapena wa kontirakiti, alipira mu rand kapena dola, kudzera njira iti, ndipo ndalama yotumizira adula kwa ndani. Wa kontirakiti msonkho amadzionera yekha ku MRA.

Nalipiri_3D:
Ndacheza nawo uja woyamba. Akuti Maya basi, rig ndi yawo, 30 fps, combo ya lupanga ya zikwapu zitatu, root motion, iyambe ndi kuthera pa idle, kuima chabe kuja, yomwe atumize. Masiku asanuwo ndiwagawe bwanji?

Thuchila_Rig:
Tsiku loyamba musaike key. Tsegulani rig ngati reference ya mu Maya (kungolumikiza fayilo) osati import (kuikopera mkati), gwedezani control iliyonse muone yothyoka, werengani malangizo kawiri, mafunso onse atumizeni tsiku lomwelo mu imelo imodzi. Madzulo dzijambuleni ndi mpini wa khasu, wolemera bwino kuti mapewa agwire ntchito yeniyeni. Lachiwiri pose zikuluzikulu pa stepped, chikwapu chilichonse kukweza, kugunda ndi kutsirizira, muzizungulira kamera mbali zonse. Zikwapu zitatuzo zisafanane kutalika: ziwiri zofulumira, chachitatu cholemera chotenga nthawi. Kumbukirani kuti wosewera akhoza kulekera pa choyamba kapena chachiwiri, ndiye chilichonse chikhale ndi pobwerera ku idle. Lachitatu spline, kusalaza mayendedwe a pakati pa ma pose, kuyambira chiuno ndi mapazi, manja pambuyo. Lachinayi nsonga ya lupanga: yatsani motion trail muone ngati ikujambula uta wosalala, konzani maondo ophulika ndi root kuti iziyenda molunjika kutsogolo osagwedezeka.

Lachisanu si logwirira ntchito, ndi lotumizira. Playblast ya kamera ya kumsana ndi ya kumbali, H.264, dzina la fayilo ndendende mmene alembera, kakalata ka mizere inayi konena frame yomwe chikwapu chilichonse chikugunda. Tumizani m'mawa magetsi ndi netiweki zikadalipo, kenako kopani zomwe mwatumizazo muzitsegule nokha muone ngati zafika zonse.

Ruo_Engine:
Ndipo Maya imasunga njira yonse ya fayilo ya rig ya pa kompyuta yanu. Chitani Set Project musanayambe, rig ikhale m'chikwatu chomwecho, apo ayi iwo akatsegula apeza scene yopanda munthu.